Phunziro: Khansa ya M'magazi ndi Zomwe Ana Amatengera kwa Makolo

Mwana akapezeka ndi khansa ya m'magazi, yomwe madokotala amati leukemia, achibale amafunsa msanga kuti watengera kuchimuna kapena kuchikazi. Tiyeni tione zomwe sayansi yapeza.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Khansayi imayamba maselo oyera osakhwima akamachulukana mosalekeza mpaka kupanikiza maselo abwino. Mtundu wofala mwa ana, wotchedwa ALL, umagwira kwambiri a zaka 2 mpaka 5.

Maselo athu amasunga ma chromosome 46: 23 ochokera kwa bambo, 23 kwa mayi. M'menemo muli malangizo a kapangidwe ka thupi otchedwa ma gene. Ena amalemba kuti majini, koma tisawasokoneze ndi majini omwe timaphunzira kumadrasa.

Mu 2009, ofufuza a ku Britain ndi ku America anapeza kuti kusiyana pang'ono m'ma gene a ARID5B ndi IKZF1, komwe mwana amatengera kwa makolo, kumakweza chiopsezo cha ALL. Komabe chiopsezocho chimakwera pang'ono chabe. Anthu ochuluka ali nako kusiyanaku ndipo sadwala. Chiopsezo chachikulupo chili mwa ana obadwa ndi Down syndrome, omwe ali ndi chromosome 21 yowonjezera: chimaposa cha anzawo ka 10 mpaka ka 20.

Ana ambiri odwala leukemia alibe wachibale amene anaidwalapo. Nthawi zambiri chimene chimayambitsa matendawa ndi kusintha komwe kumachitika m'maselo a mwanayo. Choncho kunyoza mayi, kuloza banja lake kapena kutchula ufiti ndi kuchimwira munthu wosalakwa. Matendawa sapatsirananso.

Makolo, tisamale ndi zizindikiro izi: kutentha thupi kosatha ngakhale atamwa mankhwala a malungo, kuyera kwa zikhatho ndi zikope, kutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno, kupweteka kwa mafupa ndi kutupa kwa anabere. Tikaziona, tithamangire kuchipatala chapafupi, kaya ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Bangwe. Chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi chipinda cha ana odwala khansa, ndipo kufika msanga kumathandiza.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti dua ndi kufunafuna mankhwala zimayendera limodzi. Anawa amafunika kuikidwa magazi kawirikawiri, choncho tikupempha komiti ya mzikiti ikonze tsiku lopereka magazi mogwirizana ndi Malawi Blood Transfusion Service. Imeneyonso ndi sadaka.