MUTU PATSOGOLO KAPENA MCIRA?

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani za nambala imene inacoka kwa ine iri 258 nikafika kwa mnzanga iri 513, popanda munthu woikhudza pa njira.

Amalume anga ndi msodzi ku Senga Bay, ndipo pa chuthi ndimawalembera ciwerengero ca nsomba zimene atumiza ku Lilongwe. Tsiku lina aphunzitsi anatipatsa nchito yakuti titumize nambala kucokera pa kompyuta imodzi kunka pa inzace. Ine ndinasankha 258, ndiwo kampango wowamba amene amalume anatumiza mwezi umenewo. Mnzanga amene anali kulandira anapfuula, "Afika 513!" Tinaseka ndithu, koma ine mtima unagunda, cifukwa alovi a amalume amalandira gawo lao monga mwa ciwerengero. Likadakhala buku leni-leni, akadafunsa ndalama za nsomba 255 zimene zikali m'nyanja.

Colakwa cinali apa. Kompyuta imasunga nambala m'timagawo tochedwa mabaiti, ndipo baiti imodzi siingapitirire 255. Nambala yoposa pamenepo ifuna mabaiti awiri kapena ambiri. Tiyerekeze dengu lolowa nsomba 256. Baiti ina iwerenga madengu odzaza, inzace iwerenga nsomba zotsala. Tsono 258 ndiye dengu limodzi ndi nsomba ziwiri, ndiko kuti 1 ndi 2. Koma wolandira akaganiza kuti yoyamba kufika ndiyo ya zotsala, apeza madengu awiri ndi nsomba imodzi, ndiyo 513 ija.

Makompyuta sagwirizana pa nkhani imeneyi. Ena amaika baiti yaikuru patsogolo, monga makina akuru a IBM ndi Motorola 68000 imene inali m'Macintosh wa 1984. Ena, monga a Intel ndi mafoni ambiri amene tiri nao, amayamba ndi yaing'ono. M'caka ca 1980 Danny Cohen anacha magulu awiriwa Big-Endian ndi Little-Endian. Maina amenewa anawatenga m'buku la Jonathan Swift la 1726, Gulliver's Travels, m'mene anthu anamenyana nkhondo pokangana za mbali yoyenera kuswera dzira, kwakukuru kapena kwakung'ono.

Musadabwe kwambiri, pakuti anthufe ticita cimodzi-modzi. Ife timati makumi awiri ndi zisanu, cacikuru patsogolo. Mnzanga wina amene anaphunzira ku madrasa anandiuza kuti m'Ciarabu amayamba ndi zisanuzo, makumi awiri pambuyo. Ndiponso 3/4 kwa ife ndi pa 3 April, koma munthu wa ku America awerenga kuti pa 4 March. Palibe wopusa pa awiriwa. Tsoka libwera pamene wolemba ndi wowerenga sanapangane.

Cifukwa ca ici, amene anakonza malamulo a intaneti anapangana kuti pa njira baiti yaikuru idzitsogola nthawi zonse, kaya makina ali a mtundu wanji. M'cinenero ca C muli timau tothandiza. Wotumiza aitana htons kapena htonl kuti nambala iikidwe mwa dongosolo la pa njira, ndipo wolandira aitana ntohs kapena ntohl kuti aibwezere mwa dongosolo la makina ace. Pa makina oyamba ndi baiti yaikuru timauti sitisintha kanthu, koma ndi bwino kutilemba ndithu, popeza sudziwa kumene pulogalamu yako idzapita mawa. Ine ndinalemba htons. Mnzanga anaiwala ntohs. Makompyuta athu onse awiri anali a Intel, motero tikadaiwala tonse yankho likadakhoza, ndipo sitikadaphunzira kanthu. Ici ndico cimandiopsa koposa.

Zilembo wamba za a, b, c sizibvuta cotero, cifukwa ciri conse cikwana m'baiti imodzi, ndipo cinthu cimodzi sicingatembenuzidwe.

Aphunzitsi anationetsanso msampha wina. Anati, "Bwezerani colakwa cija, ndipo mutumize 257." Inafika 257 bwino-bwino, pakuti dengu limodzi ndi nsomba imodzi ndi 1 ndi 1, kaya muyambire kumutu kapena kumcira. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kuyesa pulogalamu ndimatumiza kampango 258 a amalume.