Kukaona Nyama Kuchigwa Dzuwa Litakwiya: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talembera magulu a mpingo, aphunzitsi, amayi a chilimba ndi achinyamata a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, amene amasonkha ndalama chaka chonse kuti pa tchuthi cha Ufulu, pa 24 Okutobala, akwere basi akaone nyama. Ulendowu ndi wabwino. Koma mwezi umenewu ndi umene kuchigwa kumatentha koposa.

Kodi muno mu Zambia muli chipululu?

Chamchenga wokhawokha mulibe. Mapaki a Sioma Ngwezi ndi Liuwa Plain, kumadzulo, ali pa mchenga wa Kalahari, koma kumagwa mvula ndipo udzu umamera. Chipululu chenicheni chili m'paki ya Namib-Naukluft ku Namibia, dziko limene amalidziwa madalaivala athu a mathiraki opita ku Walvis Bay kudzera pa mlatho wa Katima Mulilo. Ife chimene tingakumane nacho ndi chigwa cha Luangwa ndi chigwa cha Zambezi. Pofika Okutobala, kumeneko kumakhala kutatha miyezi 5 kapena 6 popanda mvula, udzu utapsa, timitsinje tambiri titasanduka mchenga.

Ife timagona m'nyumba za malata magetsi atazima. Dzuwa lingatiopseze chiyani?

Funso ili ndi limene limagwetsa anthu m'mavuto. Inde, munthu wa m'komboni kutentha amakudziwa. Koma Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe gombe la Zambezi m'paki ya Lower Zambezi lili pansi pa mamita 500. Mukamatsika, kutentha kumakwera. Tsiku limene mu Lusaka muli madigiri 31 kapena 32, ku Chirundu kapena ku Mfuwe akhoza kupitirira 40. Amene anatsikapo mapiri a msewu wa ku Chirundu masana akudziwa: mukatsegula zenera la basi, mphepo yolowa imakhala ngati yochokera pa mbaula.

Chachiwiri n'chakuti kwathu kuno dzuwa likakula muli ndi pothawira. Pali kiyosiki ya madzi, pali kantemba kogulitsa maheu ozizira, pali khonde la aneba, ndipo kiliniki ili pafupi. M'paki zonsezi mulibe. Simuloledwa kutsika m'galimoto paliponse pamene mwafuna, foni nthawi zambiri sigwira, ndipo mitengo ya tsanya imene yadzaza m'chigwamo imakhala itayoyola masamba. Mumaiona mitengo mbali zonse, mthunzi osaupeza.

Nanga bwanji anthu amapitabe mwezi umenewu?

Chifukwa ludzu limasonkhanitsa nyama kumtsinje. Ku South Luangwa, paki ya masikweya kilomita 9,050 imene inakhazikitsidwa mu 1972, mvuu zimapanikizana m'mathamanda otsala, njati zimatsika mwaunyinji fumbi lili koboo, njovu zimakumba mumchenga ndi chitamba mpaka madzi atatuluka. M'magomo a mtsinje, mbalame zofiira zodya njuchi zimaboola mauna ambirimbiri n'kuikiramo mazira. Mwana wa ku George akaona zimenezi ndi maso ake sadzaiwala, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife timangoziona pa ndalama za kwacha. Mapakiwa ndi athu. Nzika zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja, choncho musaiwale chitupa chanu cha NRC. Mitengo ya chaka chimenecho funsani ku dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire ku Chilanga.

Titenge madzi ochuluka bwanji?

Akumwa okha, malita 5 pa munthu wamkulu tsiku lililonse. Gulu la anthu 30 lifunika malita 150, ndiye kuti zigubu 8 za malita 20, kuwonjezapo china cha galimoto. Wina adzadandaula kuti zigubu zikutha malo. Musiyeni adandaule, zigubu zikwere.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera imene inavuta ku Kanyama mu 2017 ndi 2018, n'kubweranso mu 2023 ndi 2024, inatiphunzitsa kale zimenezi, ndipo kutsegula m'mimba pa dzuwa lotere kumaumitsa munthu msanga. Kumtsinje musatungeko, musasambeko ngakhale m'manja: ng'ona zimabisala pamadzi osaya.

Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse musanamve ludzu. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu chodera, thupi lauma kale. Amayi ambiri pa ulendo amadzimana madzi poopa kupempha dalaivala kuti aime pamaso pa azibambo. Atsogoleri a gulu, nenani poyera basi isananyamuke kuti idzaima malo akutiakuti, kuti pasakhale wodzizunza chifukwa cha manyazi.

Thukuta limatulutsanso mchere, choncho nyamulani mapaketi a ORS. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mowa suthetsa ludzu, umawonjezera kukodza. Udikire madzulo, ndipo dalaivala asaukhudze n'komwe.

Tiziyenda nthawi yanji, titavala chiyani?

Lowani m'paki dzuwa likungotuluka, mubwerere pamthunzi cha m'ma 10 koloko, mudzatulukenso 4 koloko madzulo. Masana nyama nazonso zimabisala. Valani chipewa ndi zovala zopepuka zathonje, zamtundu wa khaki. Kashembe, ntchentche yoluma ija, amakopeka ndi buluu ndi zakuda, ndiye yunifomu ya kwaya ikakhala yamitundu imeneyi itsale kunyumba. Chitenje chonyowetsa n'kuchifunda pamutu ndi m'khosi chimathandiza kwambiri.

Tingadziwe bwanji kuti munthu walefuka ndi dzuwa?

Poyamba amadandaula mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu, thukuta lili kamukamu. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumwetseni ORS pang'onopang'ono, mumukupize.

Akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa, kugwa khunyu kapena kukomoka, thupi lili moto, moyo wake uli pangozi. Mthireni madzi thupi lonse, ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo pitirizani kumuziziritsa galimoto ikuthamangira kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Panado sachiza kutentha kwa mtundu umenewu. Pempherani muli m'njira, osati mutaima.

Mukabwerera ku Lusaka, aliyense amene watentha thupi patapita sabata kapena kuposerapo akayezetse malungo, ndipo auze adokotala kumene anapita.

Galimoto ikatifera m'paki?

Khalani pagalimoto. Askauti olondera paki amapeza basi mosavuta kusiyana ndi munthu woyenda pansi, ndipo m'tchiremo muli mikango ndi njovu. N'chifukwa chake polowa muziuza a pachipata njira imene mutsate ndi nthawi imene mutuluke. Musananyamuke m'tauni onani matayala, sipeya, jeke ndi madzi a injini, pakuti kuchoka Lusaka kukafika Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo Mfuwe, polowera ku South Luangwa, ali patsogolo.

Kodi makanda ndi agogo tiwatenge?

Mu Okutobala ndi Novembala, ayi. Ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala shuga, BP, mtima kapena impso ndi amene dzuwa limayamba kuwagwetsa, ndipo mwana sanena msanga kuti wayamba kudwala. Iwowa apite ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kunja kwa mzinda, kapena ku Munda Wanga ku Chilanga, komwe mungapite m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Ngati agogo akufunitsitsa kuona Luangwa, sungani ndalama za chilimbazo mpaka Juni kapena Julayi, misewu itauma, kunja kukuzizira.