PHUNZIRO 6: TIDZIWE MAWU A M'BUKU LA KUCHIPATALA

Cholinga

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa tanthauzo la mawu ena amene amalembedwa m'buku lathu la kuchipatala, ndipo tisamaope kufunsa.

Mawu otsogolera

Ambirife tili ndi bukuli m'nyumba, koma zolembedwamo sitizimva ngakhale tinapita kusukulu. Adokotala amalemba m'Chingerezi ndiponso mwachidule. Ife timangothokoza n'kutuluka, ndipo tikafika kumudzi mpamene timayamba kufunsa anansi. Chifukwa cha ichi ena amalakwitsa kamwedwe ka mankhwala, ena amasiyira panjira. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

1. Mawu a matenda

mRDT: Uku ndi kuyeza malungo pobaya chala. Akalemba +ve ndiye kuti tizirombo tapezeka. Akalemba -ve sitinapezeke. Ife timatcha malungo kutentha thupi kulikonse, koma chibayo ndi matenda ena amatenthetsanso thupi. Ngati alemba -ve tisaumirire mankhwala a malungo; tipemphe kuti afufuze chimene chikutidwalitsa.

BP: Ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha. Si kuchuluka kwa magazi ayi. Amalemba manambala awiri, monga 120/80. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kawirikawiri matendawa samva kuwawa. Nchifukwa chake ambiri amaleka mankhwala poganiza kuti achira, kenaka n'kudzidzimuka atafa ziwalo.

Hb: Muyeso uwu umaonetsa ngati magazi achepa m'thupi. Munthu mmodzi yemweyo angathe kukhala ndi BP yokwera ndi Hb yotsika.

2. Mawu a kamwedwe ka mankhwala

od: kamodzi pa tsiku
bd: kawiri pa tsiku
tds: katatu pa tsiku
nocte: usiku pogona
stat: kamodzi kokha, nthawi yomweyo

Nambala 7 imaimira masiku a pamulungu, 52 milungu ya pachaka, ndipo 12 miyezi. Choncho 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 ndi milungu iwiri, 1/12 ndi mwezi umodzi.

Kumaliza mankhwala n'kofunika. Kale malungo tinkachiza ndi Chloroquine, koma tizirombo tinaleka kumumva, ndipo mu 1993 dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito Fansidar. Nayenso anafooka, mpaka mu 2007 kunabwera LA. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Tikamwa kawiri n'kusungira mwana otsalawo, sitinachire ife, sitinathandize mwanayo, ndipo tikufooketsa mankhwala amene fuko lonse likudalira.

3. Mawu a chithandizo

Refer: atitumiza kuchipatala chachikulu. Sikuti atitaya kapena kuti tatsala pang'ono kufa, koma kumeneko nkumene kuli zipangizo zoyenera.

Review: tsiku lobwereranso kuti akatione, ngakhale tikupeza bwino.

Consent: chilolezo chimene timasayinira tisanachitidwe opaleshoni. Tisasayine kapena kudinda chala asanatifotokozere chimene akukachita ndi zovuta zimene zingatsatire.

Ufulu ndi udindo wathu

Thupi ndi lathu, bukunso ndi lathu. Kufunsa mwaulemu si chipongwe. Tisanatuluke m'chipinda cha adokotala tidziwe zinthu zitatu izi: dzina la matenda athu, kamwedwe ka mankhwala, ndi tsiku lobwereranso. Udindo wathu ndi kunena zoona, kusunga bukuli pouma, ndi kusabwereketsa kwa wina, pakuti mbiri ya matenda a mnzathu ingasokeretse adokotala.

Mafunso okambirana mu Mphakati

1. N'chiyani chimatichititsa mantha kufunsa tikakhala kuchipatala?
2. Mayi alemberedwa tds 5/7. Amwe bwanji mankhwalawo?
3. Tingawathandize bwanji okalamba ndi osadziwa kuwerenga popanda kuulula matenda awo?

Zoti tichite

Mphakati uliwonse uitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti adzayankhe mafunso athu pa msonkhano ukubwerawu. Aliyense awerenge buku lake kunyumba ndi kulemba papepala mawu amene sakuwamva.