Chitsulo Cholemera Katatu

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani za kettlebell, mpira wachitsulo wokhala ndi chogwirira, umene unachokera ku Russia. Titenge wa makilogalamu 16. Mukaugwira uli chete, zala zinyamula 16 yomweyo. Koma mukaukweza kufika pa phewa, mkono uli wowongoka, ndi kuulola utsike wokha, zinthu zisintha. Pofika pakati pa miyendo uthamanga koposa, ndipo ufuna kupitirira molunjika. Tsono zala zigwira ntchito ziwiri: kuunyamula ndi kuukhotetsa. Mwa masamu, pamenepo ukoka monga makilogalamu 48, ndiko kunena katatu. Pamwamba upepuka ndithu.

Chotero ndikulangizani: limbitsani zala pansi, ndipo yambani mwapukuta thukuta, pakuti chogwirira chonyowa chiterera, ndipo chitsulo chikapulumuka chingaphwanye phazi la mnzanu.