Galu akaluma, yambani ndi sopo

Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu, pafupifupi palibe amene amachira. Komabe matendawa amapereka mpata wodzipulumutsa, ndipo mpatawo umachokera m'khalidwe la kachirombo kake, kamene ndi vayirasi. Vayirasi payokha siidya, siikula, siiswana. Ndi kaphukusi ka malangizo achibadwa kokutidwa ndi mapuloteni, ndipo ya chiwewe ili ndi chikuto china chamafuta kunja kwake. Kuti ichulukane, imamatirira pa selo, n'kulowa, n'kuigwiritsa ntchito yopanga mavayirasi ena. Ya chiwewe imabwera ndi malovu a galu, imayamba yakhala mu mnofu pabalapo, kenako imalowa m'mitsempha yonyamula mauthenga n'kumakwera mpaka ku ubongo. Nthawi zambiri zizindikiro zimaoneka pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Choncho zonse zoyenera kuchita n'zoti kachiromboka mukapeze kasanalowe m'mitsempha.

Choyamba, tsukani balalo pompopompo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ngakhale likhale longokandika. Sopo amasungunula chikuto chamafuta chija, ndipo vayirasi ya chiwewe yopanda chikutocho siingalowe mu selo. Madzi amakokolola yotsalayo. Wina wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, amene amagula madzi pakiyosiki, anganene kuti mphindi 15 n'kumwaza madzi. N'zoona kuti ndowa itha, koma palibe chithandizo china chotsika mtengo chonchi chimene chingachitike nthawi yomweyo. Mukatsuka, pakani sipiriti kapena ayodini ngati alipo. Zitsamba ayi, ndipo musamange balalo mothina.

Chachiwiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Zingwangwa, ku Chilomoni kapena ku South Lunzu kwa a ku Machinjiri, mukanene kuti mwalumidwa ndi galu ndipo mufunse za katemera wa chiwewe. Akakutumizani kuchipatala cha Gulupu, pitani. Ambiri amadabwa kuti katemera athandiza bwanji munthu atalumidwa kale. Amathandiza chifukwa kachiromboka n'koyenda mochedwa, motero thupi limapeza nthawi yokonza chitetezo. Wasayansi Louis Pasteur anaonetsa zimenezi mu 1885. Koma mpatawo umafupika bala likakhala kumaso, pakhosi kapena m'manja, malo amene agalu amakonda kuluma ana. Jakisoni ndi angapo, pa masiku osiyana. Malizani onse ngakhale bala litapola, pakuti kupola kwa khungu sikunena kanthu za m'mitsempha. Makapisozi ogula pagolosale amalimbana ndi mabakiteriya, vayirasi saigunda n'komwe.

Chachitatu, galuyo musathamangire kumupha. Ngati n'kotheka popanda wina kulumidwanso, amangidwe, dziwitsani alangizi a ziweto, ndipo ayang'aniridwe masiku 10. Musadikire masikuwo kuti muyambe katemera, ngakhale galuyo akhale wa aneba amene mumamudziwa kuyambira ali kamwana.

Chomaliza chimayenera kuchitika wina asanalumidwe: kabayitseni galu wanu chaka chilichonse. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Agalu 70 pa 100 alionse akatemeredwa, kachiromboka kamasowa kolowera ndipo kufala kwake kumaduka. Mukamva kuti otemera afika pasukulu ya kwanuko, tengani ndi tiana ta agalu tomwe.