Kapakidwe ka Glaze pa Katundu Wopentedwa wa M'nyumba

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza ntchito imodzi imene ndidaphunzira kwa amalume anga, omwe ndi kalipentala ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe. Ntchitoyi ndi yopaka glaze pa katundu wa m'nyumba amene adapentedwa kale. Amalume amangoutchula kuti utoto wamadzimadzi. Anthu ambiri amausokoneza ndi vanishi, koma ziwirizi n'zosiyana. Vanishi amateteza thabwa ndi kuliwalitsa. Glaze ndi utoto wopyapyala woti penti wapansi azionekerabe, ndipo umatsalira m'mizere, m'ngodya ndi m'malo ogoba kuti zimene mmisiri adasema zioneke bwino.

Ine ndidaiona koyamba ntchitoyi ku Area 10, dera loyandikana ndi City Centre, mbali ya mzinda imene idakula likulu la dziko litasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975. Mayi wina wa kumeneko adagula kabati ya paini kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Kabatiyo idali yoyera mbee ngati ya m'chipatala, ndipo mayiwo ankafuna kuti ioneke yachikale. Amalume adandilonjeza kuti pa malipiro akewo ndipezapo ndalama yobwerera kusukulu, choncho ntchitoyo idali yanganso.

Choyamba tidatsuka kabatiyo ndi sopo, chifukwa pamene pali mafuta a m'manja utoto sugwira. Kenaka amalume adanyowetsa kansalu ndi sipiriti n'kutikita pangodya yobisika. Penti wamadzi amafewa n'kutsalira pa nsalu, pamene wamafuta sasunthika. Kuyesa kumeneku n'kofunika kwambiri popeza glaze wamadzi sagwira bwino pa penti wamafuta wonyezimira, amasupuka. Wathu adali wamafuta. Tidakwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala, wa nambala 220, titamunyowetsa kuti fumbi lisauluke. Penti wamafuta wakale nthawi zina amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo, makamaka wa ana.

Posakaniza, amalume adathira gawo limodzi la penti wabulauni m'chitini, n'kuwonjezera magawo anayi a mafuta a linseed osakaniza ndi tapentaini. Adayesa kaye mkati mwa chitseko, osati kunja.

Apa ndi pamene ine ndidalakwitsa. Amalume atapita kukagula vanishi ku Old Town, ndidaganiza zowaonetsa kuti mwana wa ku yunivesite sachedwa kumva. Ndidakokera kabatiyo padzuwa n'kupaka zitseko zonse ziwiri ndi m'mbali momwe, kuti ndipukute pamodzi pomaliza. Udali mwezi wa Okutobala, ndipo amene adakhalako ku Lilongwe akudziwa mmene dzuwa limaswera mtengo nthawi imeneyi. Pamene ndinkabwerera ku chitseko choyamba, utotowo udali utayamba kunanda. Nsalu inkangomata, n'kumasiya mikwingwirima yakuda ngati matope.

Amalume atafika adayang'ana nthawi yaitali osayankhula. "Iwe, wakuuza ndani kuti tikupenta?" adatero. "Penti alipo kale. Ifetu tabwera kudzachotsa."

Mwayi wake utotowo udali usanaume kwenikweni, ndiye tidausungunula ndi tapentaini. Tsiku lonse lidathera pamenepo, ndipo mayi aja ankangodutsa ndi kapu ya tiyi osafunsa kanthu, zimene zidandipweteka kuposa kukalipiridwa.

M'mawa mwake tidagwirira pamthunzi, m'galaja. Amalume ankapaka kagawo kakang'ono, kosaposa mikono iwiri, akukankhira bulashi m'mizere yonse, ndipo nthawi yomweyo ankapukuta ndi nsalu yakale ya thonje motsata mmene thabwa lidayendera. Pamalo osalala ankapukuta mpaka kuyera kwa penti kubwerere, kungotsala kamthunzi chabe. M'malo ogoba ankangodutsa pamwamba, chala chili mkati mwa nsalu, kuti mdima utsale pansi. Nsalu ikada ankaitembenuza, chifukwa nsalu yokhuta imabwezera utoto pamene wachotsa kale. Pomaliza ankasisita ndi bulashi youma kuti pasaoneke malire pakati pa chigawo china ndi chinzake. Ndidazindikira kuti diso limagwira ntchito yaikulu kuposa dzanja: umabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kuona ngati chitseko cha kumanja chikufanana ndi cha kumanzere. Changa choyamba chidada kwambiri, ndipo ndidachibwereza.

Tidaisiya kabatiyo masiku awiri galaja ili yotseka chifukwa cha fumbi. Tisanapake vanishi, amalume adawachenjeza eni ake: "Mayi, vanishi wamafuta amasanduka wachikasu pakapita nthawi, makamaka pa penti woyera." Iwo adati n'zimene akufunazo. Nsalu zonse tidaziviika m'ndowa yamadzi, popeza nsalu zamafuta a linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka moto.

Maganizo anga ndi oti njira imeneyi imayenera paini, amene alibe maonekedwe ambiri mwa iye yekha. Mayi aja atakondwa adatisonyeza tebulo lawo la mlombwa kuti nalonso tilipente kenaka tilipake glaze. Amalume adalisisita, n'kuyang'ana mizere yake yofiirira, ndipo adakana mwaulemu ngakhale ndalama yake idali yochuluka kuposa ya kabati ija. Adangolipaka mafuta basi.