MWANA WOBWEREZABWEREZA ZINTHU

Makolo ambiri amene amabwera ndi ana ku sikelo amadandaula kuti mwana wao wayamba makani. Safuna kumwera chikho china koma chake chokha, sagona asanamve nyimbo yomweyo ya dzulo, ndipo amalira wina akasokoneza timiyala timene wandandalika pabwalo. Ena amamkwapula mwana wotere, pamene ena amati walodzedwa.

Kodi ndi matenda?

Kwa ana ambiri si matenda ai. Khalidweli limaoneka kwambiri mwana akakhala ndi zaka 2 mpaka 4, ndipo limazilala pofika zaka 6. Dokotala wina wa ana wa ku America, Arnold Gesell wa pa Yunivesite ya Yale, adaona kuti mwana wa zaka ziwiri ndi theka ndiye amaumirira koposa kuti zonse zichitike monga mwa masiku onse.

Chifukwa chake nchiyani?

Kwa mwana wamng'ono zinthu zambiri nzachilendo. Akadziwa chimene chikubwera pambuyo pa chinzake, mantha amachepa ndipo mtima umakhala pansi. Nchifukwa chake khalidweli limakula akadwala, akaletsedwa kuyamwa, kapena mng'ono wake akabadwa. Kubwereza ndi njiranso yophunzirira: nthano ya Kalulu akaimva kakhumi, mau ake amakhazikika m'mutu.

Zoyenera kuchita

1. Musammenye kapena kumseka, chifukwa kutero kumangoonjezera mantha.
2. Tsatani dongosolo limodzi madzulo aliwonse: kusamba, kudya, nthano, kenaka kugona.
3. Mukafuna kusintha kanthu, muuzeni nthawi ikadalipo, ndipo sinthani chimodzichimodzi.

Nthawi yopita ku chipatala

Pitani naye msanga, mutatenga khadi lake la ku sikelo, ngati mwana:

1. satembenuka mukamuitana dzina atakwana miyezi 12;
2. saloza chinthu ndi chala atakwana miyezi 18;
3. sanayambe kulumikiza mau awiri pofika zaka 2;
4. waiwala mau amene ankanena kale;
5. amadziombetsa mutu mpaka kudzivulaza;
6. amangoti maso tong'o, thupi likugwedezeka, osazindikira anthu.

Zizindikiro zimenezi zingasonyeze vuto la makutu, khunyu, kapena vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism. Mwana wotere akaonedwa msanga, chithandizo chimampindulira kwambiri. Kumbukirani, makolo, kuti m'mera mpoyamba.